Mwana wanga amalira asanayambe samu yoyamba: ndimuuze kuti masamu ndi osavuta?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Akuti: "Ndili ndi ana awiri ku sekondale. Wamkulu ndi mtsikana, ali Fomu 4 ndipo amafuna kudzakhala namwino. Maphunziro ena amakhoza bwino, koma akangomva za masamu nkhope imagwa. Amati masamu ndi a anthu amitu, iye sangawathe, ndipo nthawi zina amalira asanayambe n'komwe samu yoyamba. Mlongo wake, mnyamata wa Fomu 2, chilichonse amati n'chophweka, sawerenga, koma pepala likabwera mamalikisi ake amachititsa manyazi. Bambo awo akuti ndizimuuza mtsikanayu kuti masamu ndi osavuta kuti mantha achoke. Kodi zimene mwana amaganiza za kuvuta kwa phunziro zimasinthadi mmene angakhozere? Nanga ndiwauze chiyani?"

Mayi, zimasinthadi, ndipo akatswiri akhala akuziyeza kwa zaka zambiri. Koma ndiyambe n'kukupemphani kuti malangizo a bambowo muyambe mwawaika pambali. Akuyankhula mwachikondi, palibe wokana, koma mawu akuti "masamu ndi osavuta" akhoza kumupweteka mtsikanayu kuposa kukhala chete. Mwanayu wakhala m'kalasi ya masamu kuyambira sitandade 1, thukuta lake akulidziwa yekha. Mukamuuza kuti ndi osavuta, iye n'kukatsegula buku n'kupeza kuti samu yoyamba yomweyo yamukanika, atsala ndi maganizo awiri basi: kaya amayi sakudziwa zimene akunena, kaya amayi akunena zoona ndipo mbuli ndine. Ana ambiri amatenga achiwiriwo, n'kuwasunga mumtima osauza munthu.

Katswiri wina wa ku America, Jack Brehm, anafotokoza bwino m'zaka za m'ma 1980 chimene chimalamulira mphamvu zimene munthu amaika pa ntchito. Iye ndi amene anaphunzira kwa iye ankapatsa anthu ntchito zosiyana kavutidwe, n'kumayeza kagundidwe ka mtima ndi kuthamanga kwa magazi kuti aone mmene thupi likudzikonzekeretsera. Ntchito imene munthu akuiona yophweka, thupi limaitulutsira mphamvu zochepa. Ikamaoneka yovutirapo, mphamvunso zimakwera. Zimakwera choncho mpaka pamene munthuyo waganiza kuti ntchitoyo njosatheka, kapena kuti phindu lake si loyenera kulivutikira. Zikafika pamenepo mphamvu sizitsika pang'onopang'ono ayi, zimangogwa kamodzi n'kamodzi. Taonani tsono ana anu. Mnyamata sanayambe n'komwe kukwera, chifukwa kwa iye palibe chofunika mphamvu. Mtsikana anakwera kalekale mpaka anagwera kuseri. Onse awiri akuika mphamvu zochepa pa masamu, pa zifukwa zotsutsana, ndipo malo amene tikufuna kuti onse afike ndi amodzi: pamene mwana akunena kuti izi n'zovuta, zindidyera nthawi, koma ndikalimbana nazo zitheka.

Mwanena kuti amalira asanayambe samu yoyamba. Apa ndiimapo kaye, chifukwa makolo ambiri amakuyesa kulira kotereku ulesi kapena kufuna kumvetsa chisoni. Mu 2012 Ian Lyons ndi Sian Beilock a pa yunivesite ya Chicago anaika anthu m'makina ojambula ubongo. Ena anali oopa masamu kwambiri, ena ayi. Funso lisanabwere, pankaoneka kachizindikiro kowauza kuti lotsatira likhala la masamu kapena la mawu. Kwa oopa masamu aja, kachizindikiro ka masamu kakangooneka, mbali za ubongo zimene zimadzuka munthu akamamva ululu zinkadzuka. Akayamba kusova samuyo, zimenezi sizinkaonekanso. Chowawa chinali kudikirako. Anthu ake anali 28 okha, choncho sitingadalire kafukufuku ameneyu yekha, koma akugwirizana ndi zimene mphunzitsi aliyense amaona m'kalasi. Nthawi yowawitsa kwa mwana wotere ndi ija ya pakati pa kutenga buku ndi kulemba mzere woyamba. Akadutsa pamenepo, kawirikawiri mpweya umabwerera.

Nanga mantha amamudyera bwanji mamalikisi? M'mutu mwa munthu muli kamalo kochepa kwambiri kosungira zinthu zimene akuzigwiritsa ntchito pa nthawi yomweyo. Kondakitala wa minibasi yochokera ku depoti kupita kwanu ku Area 25 amadalira kamalo kameneka. Amakumbukira kuti mayi wa pazenera wapereka K5,000 ndipo sanalandire chenji, mnyamata wa kumbuyo atsikira pa Area 18, awiri a kutsogolo alipirirana. Wina angoyambitsa mkangano m'minibasimo, zonse zija zimabalalika, chikhalirecho masamu a chenji kondakitalayo amawadziwa bwino lomwe. Samu ya Fomu 4 imafuna kuti mwana agwire zinthu zitatu kapena zinayi m'mutu nthawi imodzi: nambala imene waisamutsira mbali ina, chizindikiro chimene chasintha, ndi kumene akulowera. Mwana wamantha amakhala ndi mkangano wakewake m'mutumo. Ndilakwanso. Bambo adzati chiyani. Anzanga atsegula kale tsamba lachiwiri. Mawu amenewa amakhala pamalo pamene pakanakhala manambala. N'chifukwa chake mwana yemweyo akhoza kusova samu bwinobwino madzulo pakhonde, mawa lake m'mayeso n'kuiyang'ana ngati sanaionepo chibadwire.

Kafukufuku amene amayankha funso lanu mwachindunji anachitika ku France ndipo anatuluka mu 2012. Frédérique Autin ndi Jean-Claude Croizet a pa yunivesite ya Poitiers anatenga ana 111 a zaka pafupifupi 11 n'kuwagawa patatu. Magulu awiri anawapatsa ntchito yosanja zilembo zosakanikirana kuti zipange mawu, koma anasankha dala zovuta moti panalibe mwana akanazitha. Onse analephera. Gulu loyamba analikhazika pansi n'kuliuza kuti kuphunzira kumavuta, kulephera kumachitikira aliyense, ndipo kuyeserera kumathandiza monga zimakhalira pophunzira kupalasa njinga. Lachiwiri anangolifunsa mmene linayesera. Lachitatu silinapatsidwe n'komwe ntchito yovutayo. Kenako ana onse anawayesa mphamvu ya kamalo kaja kosungira zinthu m'mutu. Gulu louzidwa kuti kuvutika n'kwa aliyense linaposa magulu enawo, kuphatikizapo lija losalawako kulephera.

Onani kuti palibe anawauza ana aja kuti ntchitoyo inali yophweka. Anawauza zosemphana ndi zimenezo. Chimene chinasintha ndi tanthauzo la kuvutikako. Mwana akamakanika samu, m'mutu mwake mumabwera funso, kaya aliyankhule kaya ayi: kodi kukanika kumeneku kukundiuza chiyani za ine? Akayankha kuti kukundiuza kuti ndilibe mutu, amayamba kudziyang'anira yekha, samu ija n'kuiiwala. Akayankha kuti umu ndi mmene chinthu chatsopano chimamvekera ukamachiphunzira, maso amabwerera pa pepala. Choncho bambo ngati akufuna mawu oti anene, anene awa: masamu a Fomu 4 amavutadi, amavuta ngakhale ana amene amawakhoza, ndipo kuvutika kwako sikukutanthauza kuti iwe si wa masamu. Mawu amenewa ali ndi ubwino umodzi umene aja alibe: mwanayo akatsegula buku, bukulo silimutsutsa bambo ake.

Pali nkhani ina imene olimbikitsa anthu pa wailesi ndi pa guwa amaikonda, ndipo ndi yoona ngakhale amaikometsera. Mu 1939 George Dantzig, wophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, anachedwa kulowa m'kalasi ya mphunzitsi wake Jerzy Neyman. Anapeza masamu awiri pa bolodi, nawakopera poganiza kuti ndi ntchito yokalembera kunyumba. Patapita masiku angapo anakawapereka, n'kupepesa kuti wachedwa chifukwa anali ovutirapo kusiyana ndi a masiku onse. Patatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi Neyman anamugogodera pakhomo m'mawa wa Lamulungu. Masamu aja sanali homuweki. Anali mafunso awiri odziwika amene akatswiri anali asanawapezere mayankho. Okamba nkhaniyi amamaliza ndi mawu akuti ukangokhulupirira, chilichonse chitheka. Ine sindiiona choncho. Dantzig anali kale katswiri wachinyamata wokonzekera digiri ya udokotala m'masamu, ndipo sanawayese ophweka, ananena yekha kuti anamuvuta. Chimene kuchedwa kuja kunamupatsa ndi maganizo akuti masamuwa ali ndi mayankho ndipo alembedwera munthu ngati iye. Ndi maganizo amenewo anakhalitsa pa tebulo. Mwana wanu ali ndi mwayi womwewo popanda kuchedwa m'kalasi: funso lililonse la MANEB lili ndi ansala, lachokera m'silabasi, ndipo lalembedwera mwana wa Fomu 4.

Mawu akuti masamu ndi a anthu amitu mwanayu sanabadwe nawo. Anawamva. Amamveka kwa akuluakulu a Fomu 4 ukangofika Fomu 1, amamveka kwa aphunzitsi ena amene amayamba chaka n'kulengeza kuti theka la kalasi lilephera, poganiza kuti mantha adzutsa ana. Amadzutsadi ochepa amene anali kale patsogolo, ena onse n'kuwagonetsa. Amamvekanso kunyumba, m'mawu achifundo akuti "usadandaule, ngakhale ine masamu ankandikanika, watengera ine." Beilock yemwe uja ndi anzake anatsatira makalasi a ana aang'ono ophunzitsidwa ndi aphunzitsi aakazi, n'kutulutsa zotsatira mu 2010. Poyamba chaka panalibe kugwirizana kulikonse pakati pa mantha a mphunzitsi ndi kakhozedwe ka ana. Pomatha chaka, m'makalasi a aphunzitsi oopa masamu atsikana ambiri anali atayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo atsikana okhulupirira zimenezo ndi amene anatsalira. Anyamata sizinawakhudze. Mu 2015 Erin Maloney ndi anzake anapeza zofanana ndi zimenezi kwa makolo: ana a makolo oopa masamu ankaphunzira zochepa pa chaka, koma izi zinkachitika pokhapokha makolowo akamawathandiza homuweki kawirikawiri. Sindikunena izi kuti mudziimbe mlandu, mayi. Ndikungoti simukuyenera kukhala mphunzitsi wa masamu kuti mumuthandize. Ngati inunso masamu ankakuopsani, musiyireni ntchito yosova wina, inu mugwire ya nthawi, malo ndi mawu olankhulidwa pakhomo.

Komabe tisakankhire zonse ku maganizo. Nthawi zambiri mantha a mwana amakhala akunena zoona za dzenje limene lilipodi. Masamu amasanjikizana: wosamvetsa mafulakishoni ku pulayimale amavutika ndi algebra, masamu aja a zilembo zoimira manambala, ku Fomu 1, ndipo wovutika ndi algebra amapeza pafupifupi mutu uliwonse wa Fomu 3 ndi Fomu 4 uli wotseka. Ana athu ambiri amayamba kuphunzira masamu m'Chingerezi ku sitandade 5, nthawi yomweyo imene masamuwo akuyamba kulimba, ndipo m'masukulu a pulayimale a mumzinda muno kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Mwana akadwala malungo sabata imodzi pa nthawi yolakwika, palibe amabwerera m'mbuyo kukamutenga. Amapitirira ndi dzenjelo zaka zisanu, chaka chilichonse likukulirakulira, mpaka amalipatsa dzina loti "ndilibe mutu wa masamu." Mwana wotere mukamulimbikitsa ndi mawu okha, mwamusiya pomwepo.

Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford analemba mu 1977 za kumene kudzikhulupirira pa ntchito kumachokera. Anaphunzira zambiri pothandiza anthu oopa njoka, powatenga pang'onopang'ono kuyambira kuiyang'ana patali mpaka kuigwira ndi manja. Anati gwero lamphamvu kuposa onse ndi kuchita chinthucho wekha n'kuona chikutheka. Lotsatira ndi kuona munthu wofanana nawe akuchita. Mawu olimbikitsa alipo pa mndandandawo, koma ndi ofooka, ndipo amafufutika msanga ukangolephera kamodzi. Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo mwayi wanu ngwakuti zida zake zili kale m'nyumba mwanu, m'chikwama cha mlongo wake wa Fomu 2.

Mtsikanayo atenge buku la Fomu 1 kapena la Fomu 2, ayambe kusova kuchokera m'mbuyo mpaka apeze pamene akukhoza masamu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa khumi alionse. Pamenepo ndi poyambira pake. Pamene akukhoza onse khumi sakuphunzirapo kanthu, ndipo iye mwini adziwa kuti mukumunyengerera. Pamene akukhoza awiri okha mantha aja abwerera. Adzachita manyazi kugwira buku la mlongo wake wamng'ono, choncho muuzeni poyera kuti akufufuza pamene njira inasokonekera, ndipo akapapeza mitu ingapo ya Fomu 4 idzatseguka nthawi imodzi. Theka la ola tsiku lililonse limaposa kukhala Loweruka lonse ndi buku. Popeza chomuwawa kwambiri ndi kuyamba, samu yoyamba ya tsikulo ikhale yoti akuidziwa kale, yongotenthetsera dzanja. Akhale ndi kope limodzi lolembamo tsiku, mutu ndi mamalikisi amene wapeza. Pakatha mwezi kopelo lidzanena zimene inu simungathe kumuuza. Tsiku lina adzati palibe chikusintha, inu mudzangomuti tatsegula tsamba loyamba uone.

Chachiwiri, chinthu choopsacho achiduledule. "Masamu a MSCE" ndi mawu aakulu osagwirika, ndipo chosagwirika chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Apeze mapepala a mayeso a MANEB a zaka zingapo zapitazi, awayale pa mphasa, alembe mitu imene ikubwera mobwerezabwereza. Kenako mutu uliwonse aupatse chizindikiro: uwu ndimautha, uwu ndimauyamba koma ndimasochera pakati, uwu sindiudziwa n'komwe. Ana ambiri amene amati "sinditha masamu" amadabwa kupeza kuti gulu lachitatulo ndi laling'ono kusiyana ndi mmene ankaganizira, ndipo mamalikisi ambiri akuwataya m'gulu lapakati. Akumbukirenso chimene akufuna. MSCE imachongedwa kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Sukulu za unamwino zimafuna kirediti ya masamu, inde, ndipo kulimbirana malo kulipo, koma khomo loyamba ndi kirediti. Mwana amene akudziyeza ndi mnzake wopeza 1 amataya mtima pa mpikisano umene palibe wamulowetsamo. Komanso m'mayeso a masamu njira imakhala ndi mamalikisi ake, choncho samu yoyambidwa bwino n'kusochera kumapeto imabweretsa kanthu, pamene malo osiyidwa oyera sabweretsa chilichonse.

Pa za kuona wina akuchita, musamufunire mnyamata wanzeru kwambiri wa m'kalasi mwawo uja amene amalemba ansala osaonetsa njira. Ameneyo angotsimikizira mwana wanu kuti masamu ndi a anthu amitu. Mufunireni mtsikana mnzake, kaya wa kutchalitchi kaya woyandikana naye nyumba, amene ankapeza 8 kenako n'kudzapeza 5, woti akamasova amalakwitsa, kufufuta, n'kuyambiranso pamaso pake. Ngati mukulipira mphunzitsi wapadera, muyeso wake ndi wosavuta: pa ola limodzi, ndani wagwira pensulo nthawi yaitali? Akakhala mphunzitsiyo, ndalama zanu zikugula chionetsero.

Tsopano mnyamata. Vuto lake ndi lofala kuposa la mlongo wake, kungoti silimalira, ndiye makolo amalizindikira mochedwa. Akamati n'zophweka sakunama. Akumvadi choncho. Mphunzitsi akamasova pa bolodi mzere uliwonse umamveka, akawerenga notsi zonse zimaoneka zodziwika, ndipo ubongo umasokoneza kuzindikira chinthu ukachiona ndi kutha kuchitulutsa wekha pa pepala loyera. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa yunivesite ya Washington ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga kanthawi kochepa kenako n'kumayesa kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Obwerezabwereza aja ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Patatha sabata anakumbukira 40 pa 100 ya mfundo za m'nkhaniyo, pamene odziyesa aja anakumbukira 61 pa 100. Njira imene inkamveka yophweka ndi imene inawanamiza.

Kupeputsa ntchito kumawonongeranso nthawi. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a pa yunivesite kuti amaliza liti kulemba kafukufuku wawo wa chaka chomaliza. Pa avereji anati masiku 33.9. Atafunsidwa kuti nanga zonse zitasokonekera, anati 48.6. Anamaliza pa masiku 55.5. Aliyense amene anamangapo nyumba ku Area 49 kapena ku Chitedze akuidziwa nkhani imeneyi popanda kuiwerenga m'buku. Mnyamata wanu akamati "ndidzawerenga mayeso akayandikira," akuwerengera nthawi ndi mutu womwewo umene ukumuuza kuti zonse n'zophweka, ndipo JCE ili chaka chomwechino.

Musakangane naye, mungotopa. Mupatseni pepala la JCE lakale, mumufunse asanayambe kuti upeza angati, alembe nambalayo pamwamba. Alembe mayesowo buku lili chitsekere, nthawi ikuwerengedwa, kenako achonge. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mphunzitsi wake. Muzichita zimenezi sabata iliyonse, osamunyoza, osamuti "ndinakuuza." Mwana wotere nthawi zina "n'zophweka" yakeyo imakhala chishango: akalephera asanawerenge akhoza kunena kuti sindinayese n'komwe, pamene akawerenga n'kulephera alibe pobisala. Mukamuseka pa tsiku limene manambala amutsutsa, chishangocho achigwiritsitsa. Ndipo ndingakonde kuti ana awiriwa azisova limodzi masamu a Fomu 2, wina akufotokozera mnzake. Mnyamatayo adzaona pamene kufotokoza kwake kukuthera panjira, mtsikanayo adzaona kuti pali zambiri zimene akuzidziwa.

Ndinene mawu amodzi pa za maloto, popeza tili m'nyengo imene aliyense akuuza achinyamata kuti adzione atafika kale. Gabriele Oettingen, katswiri wochokera ku Germany amene amaphunzitsa pa yunivesite ya New York, wakhala akupeza kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti anthu amene amangosangalala ndi chithunzi cha kupambana m'maganizo amaika mphamvu zochepa, ngati kuti thupi layesa kuti lafika kale. Chimene anapeza kuti chimathandiza ndi kuganizira malotowo pamodzi ndi chopinga chenicheni, kenako n'kukonzeratu chochita chopingacho chikabwera. Mwana wanu alote yunifolomu ya unamwino, palibe cholakwika, koma anenenso chimene chimamulepheretsa madzulo alionse, n'kuchipangira pangano lomveka. Magetsi akazima, ndisova masamu asanu m'mawa ndisanasese. Samu ikandikanika kwa mphindi khumi, ndiyika nyenyezi pambali pake, ndipita pa ina, mawa ndikafunsa. Pangano lachiwirili ndi lofunika kwambiri kwa iye, chifukwa limasandutsa kukanika kukhala chinthu choyembekezeka chokhala ndi chochita chake.

Makolo athu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ndimavomereza, koma mwambiwu tisaugwiritse ntchito ngati chikwapu. Mwana amene walimbikira ndi njira yolakwika, monga kuloweza masamu osovedwa kale m'malo mosova atsopano, mukamuuza kuti awonjezere khama amangofika msanga pa maganizo akuti ndayesetsa zonse ndipo zakanika. Ndiponso kusintha maganizo pakokha kuli ndi malire ake. Kafukufuku wamkulu wa David Yeager ndi anzake, amene anatuluka mu 2019, anakhudza ophunzira oposa 12,000 a m'masukulu 65 a boma ku America. Anawaphunzitsa kwa nthawi yosakwana ola limodzi kuti nzeru zimakula ukamalimbana ndi zovuta. Ana amene ankatsalira m'kalasi anakwera, koma pang'ono chabe, ndipo phindulo linaoneka bwino m'masukulu amene ana anzawo sankaseka munthu wolimbikira. Kwa phunziro la ola limodzi zimenezo si zochepa, koma zikutiuza kuti maganizo abwino amangothandiza mwana kukhala pansi ndi kukhalitsa. Kirediti imachokera m'masamu amene wasova atakhala pansipo.

Za tsiku la mayeso, muuziretu kuti mtima udzagunda, manja adzachita thukuta, ndipo zimenezi zimachitikira ngakhale okhoza. Ndi thupi likusonkhanitsa mphamvu. Mwana amene sanauzidwe amayesa kugunda kwa mtimako chizindikiro choti walephera kale. Akalandira pepala aliwerenge lonse kaye, ayambe ndi funso limene akulidziwa bwino, kaya lili kumapeto. Katswiri wina, Gerardo Ramirez, ndi Beilock uja anapeza mu 2011 kuti ophunzira ankhawa amene analemba nkhawa zawo pa pepala kwa mphindi khumi mayeso asanayambe anakhoza bwinoko. Sizithandiza aliyense, koma sizidya ndalama, ndiye ayesere pa mayeso a kusukulu aone ngati zikumuyanja. Adziwenso kuti MSCE imalembedwanso. Anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi ndi m'zipatala za mumzinda muno anakonza masamu awo pa ulendo wachiwiri kudzera ku sukulu zamadzulo. Makolo ena amaopa kunena zimenezi kuti mwana angatayirire. Kwa mnyamata wanu mwina musanene kaye. Kwa mtsikanayo nenani, chifukwa mwana amene akuganiza kuti moyo wake wonse uli pa maola awiri kapena atatu a m'holo sangakhale ndi malo a manambala m'mutu.

Muziyang'ananso ngati kuliraku kuli pa masamu pokha. Mukaona kuti wayamba kusowa tulo, sakudya, wasiya kucheza ndi anzake, kapena akuyankhula mawu odzitaya pa zinthu zina zosakhudza sukulu, nkhaniyo yapitirira masamu. Pamenepo kambiranani ndi mphunzitsi amene amaona za uphungu pasukulu yake, kapena mupite naye kuchipatala akaonane ndi ogwira ntchito za thanzi la m'maganizo, osadikira kuti mayeso athe kaye.